Kukaona Kachisi ku Mahabalipuram

Lolemba

Sutikesi yatsekeka bwinobwino. Karthik, mnzanga wa ku ofesi ku Fairfax, ku America, akukakwatira kwawo ku Mahabalipuram, m'mbali mwa nyanja ku India, ndipo wandiitana. Ukwati ndi tsiku limodzi, masiku enawo ndi anga. Zokachita:

kuona kachisi wamiyala wa pagombe
kuona chimwala chokhala pachitunda osagubuduka
kusambira

Mwana wanga Zainabu wauza kale kalasi yonse kuti bambo ake abweretsa zithunzi za kachisiyo. Ndamuuza asadere nkhawa. Iye: "Don't mess it up, Dad." Mwana wosakhulupirira bambo ake! Mayi ake akuti nditenge mankhwala am'mimba. Ine, wokulira pa tsabola wa kambuzi?

Lachiwiri

M'ndege tsiku lonse. Ku Chennai ine ndafika, sutikesi ayi. Chaja ya kamera ili momwemo. Palibe vuto, batire likadali ndi moto.

Lachitatu

Lero kachisi! Bambo a Karthik andibwereka nsalu yoyera yomanga m'chiuno. Yandikhala. Ndisanatuluke, mayi ake andikhazika pansi: mpunga pa tsamba la nthochi. Ndikati ndakhuta akupukusa mutu monga avomerera kuno, ine kuyesa amva, iwo kuwonjezera. Kenako kwa azakhali. Kenako kwa azakhali ena. Aliyense akufuna chithunzi ndi mlendo wa ku America wobadwira ku Mangochi, pa kamera yanga. Fungo la nyanja ndikulimva. Mawa.

Lachinayi

Ndapeza Selvam, woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu. Ndamuuza: kachisi. Wavomera ndi mtima wonse n'kukanditsitsa pa shopu ya mlamu wake wosema miyala. Ndatuluka ndi njovu yamwala, yolemera ngati mwana woyamba kuyenda. Mtengo ndanenerera mwaukatswiri, moti mlamuyo wandikumbatira potsanzikana. Kenako shopu ya msuweni. Dzuwa lalowa. Komabe misewu ndaidziwa, mawa ndipita ndekha.

Lachisanu

Tsabola wakuno si kambuzi. Sindikufuna kulongosola. Zomwe ndaona lero: denga, fani, chitseko cha chimbudzi. Ngakhale kumzikiti sindinapite. Pafoni mayi a Zainabu angoti, "Mankhwala aja munawasiya patebulo." Khadi loimbira lathera pomwepo, mwamwayi.

Loweruka

Ukwati! Ng'oma, zitoliro, maluwa, utsi. Karthik akumanga ulusi wachikasu waukwati m'khosi mwa mkazi wake. Ine misozi chuchuchu, sindikubisa. Ndadina kamodzi, kamera yazima. Madzulo ndikuthamanga wapansi kupita kukachisi, kuti ndikangoona ndi maso. Nsalu yamasuka pamsewu, pamaso pa amayi ogulitsa nsomba. Nthungululu sinachedwe. Ndikufika, mlonda akukhoma geti. Ndikupempha, ndikutchula Zainabu, sukulu, America. Akupukusa mutu mokoma. Ndikuyamba kulowa. Wandigwira paphewa. Kani ameneyu ndi ayi.

Lamulungu

Sutikesi yafika, yandipeza ndikutsanzika. Mayi a Karthik andigwira manja onse awiri, iwo Chitamil, ine Chichewa, tamvana. Ndagula mapositikhadi a kachisi. Zainabu ndikamuuza zoona, koma pang'onopang'ono.

M'takisi, njovu pamiyendo. Dalaivala akukuwa mwadzidzidzi: "Sir, temple, temple!" akuloza kumanja. Ndikucheuka. Basi ikudutsa, yaitali, yobiriwira, yodzaza thothotho. Kamtsikana pawindo kandibayibitsa. Nane ndakabayibitsa.