Theka la Kapu, Katatu pa Tsiku

Lolemba

Kagalu kafika pa sitima ya m'mawa ku Entre Lagos, siteshoni yathu ya kuno kutsidya kwa malire, m'katoni yobooleza. Wakatumiza ndi Lusiya, mwana wathu amene anatsala ku Malawi ife pobwerera kuno nkhondo itatha. Mzungu amene ankamugwirira ntchito wapita kwawo, wamusiyira. Dzina lake Tofi, mtundu wake akuti ndi pagi. Mphuno yophwatalala, mphumi yamakwinya, maso ngati kangolandira uthenga wa maliro.

Kalata ikuti: "Ababa, kasungeni bwino. Ndibwera Lamulungu. Kakazolowera kumeneko, mwina nanenso ndingazolowere." Mzere umenewu ndauwerenga kanayi. Lusiya anachoka kuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mtengo wa mango wa pakhomo pano sakuukumbukira.

Malamulo osungira kagaluko, amene ali m'kalatamo, ndawakopera m'kope:

1. Theka la kapu, katatu pa tsiku.
2. Phala lopanda mchere, dzira kapena nyama yophika, dzungu pang'ono.
3. Mafupa ayi, minga ayi.
4. Kakamapempha, osakayang'ana.

Ndaphunzitsa ana zaka makumi awiri. Kagalu kamodzi sikangandikanike.

Lachiwiri

Kapu yoyenera m'nyumba muno ndi imodzi yokha, yachitsulo ija ankatiyezera nayo nandolo ku kampu ya othawa nkhondo. Amake Lusiya aiona, nkhope yagwa. "Anatiyezera ife, lero inu muyezere galu?"

Ndikuwafotokozera modekha. Galu wamphuno yaifupi njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, ndiye akanenepa amabanika. Ndajambula chithunzi pansi ndi kamtengo. Achiponda popita kuchitsime.

Tofi wamaliza phala ndisanakhale n'komwe pansi. Tsopano akundiyang'ana. Ine ndikuyang'ana kudenga, monga mwa lamulo lachinayi.

Lachitatu

Che Saidi, wogulitsa nsomba za ku nyanja ya Amaramba, aima ndi njinga yawo. Iwo galu samukhudza, ndipo aimira patali. Akapenyetsetsa nthawi yaitali. "A Pulofesolo, uyu si galu. Ndi nkhalamba yoferedwa." Aponya matemba awiri.

Ndikufotokoza za minga ndi mchere. Akuvomereza mfundo iliyonse, akugwedeza mutu, aponya lachitatu.

Lachinayi

Ndayeza mimba ya Tofi ndi chingwe chimene ndinamanga mfundo Lolemba. Yaonjezeka zala ziwiri. Theka la kapu silingachite zimenezi, masamu akukana.

Umboni umene ndapeza:

Nyenyeswa za chinangwa pachibwano.
Fungo la matemba.
Mafuta a chitumbuwa m'makwinya a pamphumi.

Amake Lusiya akuti, "Ine sindinakapatse, kangotola zimene zagwa." Masiku ano m'khitchini mwathu zinthu zikugwa kwambiri.

Lachisanu

Ndaitana anansi pansi pa mango kuti ndiwaphunzitse. Abwera asanu ndi awiri, onse tinali limodzi ku kampu. Ndalongosola za mpweya, za mafupa ongokhwima kumene, za kudya pang'onopang'ono pa nthawi yake. Amvetsera bwino kuposa ana a sukulu.

Kenako Anaphiri a kuseri kwa mpanda akweza dzanja. "Ifenso kuja anatiuza kuti kapu imodzi thupi limakwana nayo. Anali ndi pepala ngati lanulo."

Ndapinda pepala langa, ndaliika m'thumba.

Msonkhano utatha, Tofi waperekeza aliyense mpaka pakhomo pake. Wabwera madzulo akuyenda ngati bakha. Phala langa walinunkhiza, walisiya.

Loweruka

Tasesa chipinda cha Lusiya, tayala mphasa yatsopano. Woyamba kugonapo ndi Tofi. Mkonono wake wa munthu wamkulu!

Masana ndapita naye kunjanji kuti aphwereko. Popita wayenda yekha, pobwera ndamunyamula.

Ndilembe zoona, buku ili ndi langa. Ndakhala pakhonde ndi mbatata yootcha, iye wakhala pamapazi anga. Ndaiwala kuyang'ana kudenga, ndaona maso ake. Umu ndi mmene Lusiya ankayang'anira pa mzere wa chakudya, mbale ili pachifuwa, osapempha ndi mawu. Nthawi imeneyo ndinalibe chomuonjezera. Lero mbatata inali m'manja.

Lamulo lachinayi lagwa, ndipo waligwetsa ndi mphunzitsi yemwe.

Lamulungu

Ndili pa siteshoni kuyambira m'mawa, malaya osita, Tofi m'khwapa. Atsika amalonda, matumba a shuga, njinga ziwiri. Lusiya palibe. Mayi wina wandipatsa kakalata: "Ababa, ndapeza ntchito ina, sanandilole kuchoka. Ndibwera mvula ikatha. Kodi Tofi akudya?"

Kunyumba amake anapha kale nkhuku. Ntchafu ya Lusiya yakhala m'mbale mpaka kuzizira, aliyense akuilambalala. Pomaliza ndaitenga, ndachotsa fupa bwinobwino, pakuti lamulo lachitatu lokha ndi limene likadali moyo. Ndapatsa Tofi, sindinayeze. Kapu ija amake aitenga, akuti adzalamo tsabola.

Lusiya ndamuyankha chonchi: "Tofi akudya, mudzi wonse ndi mboni. Wazolowera kuposa mmene unafunira. Kuno masiku ano munthu sayezeredwa chakudya. Ufulumire, asanasiye kukwana pakhomo."

Kalata ipita ndi sitima ya mawa. Mphasa sitinaipinde.