Mabedi a mu Kabini Namba Folo

Lolemba

Mwezi wachisanu ndi chitatu tsopano a Naphiri, mkazi wanga, ali ku Nkhata Bay. Pochoka anati akukathandiza Tiyamike, mwana wathu, masabata atatu okha, mpaka mchombo wa khanda ugwe. Khandalo pano likukwawa, lili ndi mano awiri, akuti layamba kuluma anthu. Mchombo wanji wotenga miyezi isanu ndi itatu?

Ndikawaimbira foni yankho ndi lomwelo: "Mwana akadali wamng'ono." Ndiye kuti ine ndine wamkulu wosafuna kusamalidwa? Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, kalipentala wodziwika Liwaladzi yense, kumadya chinangwa chowotcha ngati batchala.

M'mawa uno ndaiwalanso. Ndafuula ndili pabedi, "Madzi osamba!" Wandiyankha ndi tambala wa eni.

Basi, ndaganiza. Ndikukawatenga. Osati pa minibasi yothinana ndi madengu a usipa ayi, koma pa sitima ya pamadzi, mu kabini, ngati mabwana. Zaka makumi atatu ndi zinayi tili m'banja, sitimayo timangoionera patali, ndipo iwo nthawi zonse amati kaya m'katimo mumaoneka bwanji. Ulemu woterewu palibe mkazi angaukane.

Zochita:
1. Tikiti ya kabini, popita ndekha, pobwera awiri.
2. Kumetetsa.
3. Kuchapa jekete lija la pa ukwati wa Tiyamike.
4. Kusiya kulankhula ndekha m'shedi, anthu ayamba kuyang'ana.

Lachiwiri

Tikiti yapezeka! Kabini namba folo. Kalaliki wandipatsanso namba ya foni ya munthu wosamalira zipinda m'sitimamo, dzina lake Chirwa. Ndamuimbira pompo kuti ndimve za bedi.

Akuti mabedi ndi awiri, aang'onoang'ono, lina uku lina uko, pakati kanjira. Awiri! Ine amene ndakhomera mabedi a sikisi bai sikisi mabanja onse kuyambira ku Chia mpaka ku Nkhunga, ndikagone ndi mkazi wanga ngati odwala m'wodi? Ndamuuza kuti awagundanitse ndisanafike.

"Samasuntha, ada."

Ndamuuza kuti pa dziko lino palibe bedi losasuntha.

"Pa dziko inde, ada. Kuno ndi pamadzi."

Mwano wotere! Munthu woyala mashiti kumaphunzitsa kalipentala za bedi. Ndadula foni osatsanzika, aziona.

Madzulo ndakhala pakhonde kudikira wina adutse kuti ndimufotokozere. Sanadutse aliyense.

Lachitatu

Wometa wapitirira nalo lumo. Mutu wanga ukuoneka ngati papaya.

M'chikwama:
malaya awiri
chitenje chatsopano cha a Naphiri
mpunga wa ku Chia wa kwa Tiyamike
tepi yoyezera
sipanala ziwiri, namba fotini ndi seventini
kabotolo ka oyilo, mwina mabawuti achita dzimbiri

A Shaibu, anzanga a nyumba yoyandikana, omwe anapuma usodzi chaka chatha, aona sipanala ndipo andifunsa ngati ndikukakwera sitimayo kapena kukaikonza. Akuti maondo awo akuwauza kuti mwera uli pafupi. Akutinso kwa eni kulibe mkuwe, m'sitima mwini nyumba ndi wantchito, ndikadzichepetse. Ndawauza kuti ndalipira kabini, osati ulaliki.

Ndaimbira Tiyamike kuti abwere nawo amayi ake padoko Loweruka atalongedza kale. Iye akuti, "Padoko ndibwera nawo, bambo. Koma za chikwama sindikulonjeza."

Ana a masiku ano sadziwa kulankhula. Mawuwo sanandichoke m'mutu tsiku lonse.

Lachinayi

Ndakwera. Koma ubwana umayambira m'madzi. Sitima imaima kutali, imatumiza boti, ndipo kuti ufike pa botilo umalowa m'nyanja mpaka m'chiuno. Jekete lanyowa chakumunsi, buluku ndiye osanena.

Pa makwerero a sitima munthu wa yunifomu yoyera wandigwira dzanja n'kundikoka. Ndamuponyera chikwama: "Iwe, tenga ichi, kabini folo, fulumira." Pamene akuwerama ndi pamene ndaona imvi mutu wonse. Ndi Chirwa yemwe uja. Ndi wamkulu kwa ine, mwina ndi zaka zisanu. Koma poti ndayamba kale ndi iwe, kusintha pakati kukanaoneka ngati mantha.

Kabiniyo ndi yaing'ono ngati nkhokwe. Mabedi ndi achitsulo, mwendo uliwonse womangidwa pansi ndi bawuti. Ndayeza kanjira ka pakati: mafiti awiri ndi theka. Munthu utatambasula mkono sungamukhudze mnzako. Ndabwerezanso nkhani yogundanitsa. Iye akuti zaka makumi atatu wakhala akuyala mabedi amenewa, ndipo amene anawamanga anali ndi chifukwa. Sindinafunse chifukwacho.

Folo koloko wabweretsa tiyi ndisanaitanitse. Ndamuuza kuti shuga wachepa.

Kumunsi, kwa a matikiti otchipa, anthu akhala pa matumba a chimanga, akugawana nzimbe, akuseka mpaka kumveka kuno. Ine ndili ndi chitseko changa, kiyi wanga, ndi phokoso la injini. Kunena zoona ndasungulumwa kuposa kunyumba.

Lachisanu

M'mawa nyanja ili zii. Maondo a a Shaibu ndi abodza.

Ndakhoma chitseko. Mabawuti anayi okha, bedi limodzi. Awiri amasuka mosavuta, awiri afuna oyilo. Mphindi makumi awiri basi, mabedi agundana! Zomwe yalephera sitima yonse zaka makumi atatu. Ndayala chitenje chatsopano pamwamba, ndagona mbali yanga, ndatambasulira mkono mbali ya a Naphiri. Ukufika bwinobwino.

Masana, tikuyandikira Likoma, mwera wafika.

Bedi layamba ulendo. Kukhoma, kuchitseko, kukhoma, kuchitseko, ine ndili pamwamba pake nditagwira matiresi. Laphwanya kapu, laluma nsapato yanga, kenako lakatseka chitseko. Ndasanza: chinangwa, tiyi, zonse za sabata ino zabwerera pansi. Safunsa anadya phula.

Ndafuula, "Iwe!" Palibe. "Iwe Chirwa!" Palibe. Bedi landimenyetsa bondo kukhoma. "A Chirwa! Bambo Chirwa, chonde!"

Abwera. Sindikudziwa ngati sankamva poyambapo kapena ankadikira dzina lawo lonse. Akankha chitseko ndi phewa, alowa cham'mbali, aligwira bedi ngati akugwetsa ng'ombe, alimanga ndi chingwe ku chitsulo cha pazenera. Pogwirapo chala chawo chapanikizika pakati pa mabedi awiri, magazi chuchuchu. Akulunga ndi mpango, atenga ndowa, akolopa zanga zija osakwinya nkhope.

Mabawuti apezeka atatu, limodzi lasowa. Mkulu wina wa sitima atafunsa za phokoso, ndawamva pakhonde akumuyankha kuti bedi lina lamasuka, akonza okha. Za sipanala sanatchule.

Atabwerera m'chipinda ndinafuna kunena kanthu. Chomwe chatuluka ndi chakuti, "Tawulo ili kuti?"

Andipatsa.

Loweruka

Nkhata Bay. Ndapesa mutu wopanda tsitsi, ndavala jekete, lauma koma lili ndi mzere woyera m'chiuno.

A Naphiri ali padoko. Anenepa, khungu see, duku latsopano. Tiyamike wabereka mwana kumsana. Ndayang'ana m'manja mwawo, ndayang'ana kumbuyo kwawo: chikwama palibe. Ndadziuza kuti mwina chikubwera pa njinga.

Avomera kukwera kuti aone m'kati. Atalowa mu kabini n'kuona bedi lomangidwa chingwe ngati mbuzi ya pamsika, andifunsa kuti lalakwanji. Ndafotokoza, mwina mochepetsa pang'ono. Aseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwe. Kuseka kumeneko sindinakumve zaka zambiri. Mtima wanga unati basi, tikubwerera limodzi.

Pomwepo a Chirwa agogoda, thireyi m'manja, makapu awiri, chala chili ndi bandeji. Ine pofuna kuti mkazi wanga aone kuti m'sitima muno ndimamveka, ndati, "Iwe, ika apa. Ubweretsenso mabisiketi."

Kuseka kwatha. A Naphiri aimirira, alandira thireyi ndi manja awiri atapinda bondo, awapatsa moni a Chirwa, afunsa kwawo, afunsa za chala. A Chirwa akuti kwawo ndi ku Dwangwa, chalacho ndi ngozi za pantchito. A Naphiri ayang'ana chingwe, ayang'ana sipanala yanga patebulo.

"Anakuthokozani?"

A Chirwa ayamba kuthira tiyi m'makapu, koma a Naphiri apitiriza.

"Musadandaule, bambo. Ine ndadikira zaka makumi atatu ndi zinayi."

Atatuluka a Chirwa ndinayesa kuseka, ndinati nkhani yake ya bisiketi basi? Iwo amwa tiyi yense mosafulumira, kenako akuti, "Kwa Tiyamike ndikapereka madzi akumwa, mkamwini amati zikomo amayi. Tsiku loyamba ndinacheuka kuti ndione amene akumuuza."

Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa poyankha. Apinda chitenje chija bwinobwino, akuti n'chokongola, andithokoza. Akuti mwana akadali wamng'ono. Atsika.

Mdzukulu ndamunyamula mphindi zisanu zokha. Wandiluma chala.

Lamulungu

Sitima yatembenuka, tikubwerera kumwera. Nyanja yagona, ngati si yomwe ija.

Bawuti lachinayi lapezeka m'thumba la jekete langa, sindikudziwa linalowamo bwanji. Tabwezera bedi pamalo pake, a Chirwa akugwira ndi dzanja labwinolo, ine ndikumanga. Ndamanga zolimba, mwera ubwere kawiri. Mafiti awiri ndi theka, monga kale.

Titamaliza ndawauza. Zatuluka movuta ngati msomali wadzimbiri mu mlombwa, koma zatuluka: zikomo bambo Chirwa, chifukwa cha chala, cha ndowa, ndi cha kusanena kwa akuluakulu. Ndapepesanso za iwe uja.

Apukuta manja.

"Yewo, ada, ndalandira. Koma katundu ameneyu mwamutsitsira padoko lolakwika."

Ayala mabedi onse awiri. Ndawauza kuti asavutike ndi linalo, akuti tikiti ndi ya anthu awiri, iwo amayala monga mwa tikiti. Ndiye ndakhala pa langa, ndikuyang'ana linzake, pilo wake wosapindika.

Kumunsi a mpingo wina akuimba nyimbo za Lamulungu. Sinditsikako, ndingalire pagulu ndi mutu wa papayawu.

Ndalemba uthenga pafoni wopita kwa a Naphiri. Ndinayamba ndi wautali, wofotokoza za mtengo wa kabini ndi za mwera, ndafufuta. Watsala waufupi, wothokoza madzi osamba a zaka makumi atatu ndi zinayi. Kaya auwerenga, kaya aseka, kaya mwana akhalabe wamng'ono mpaka adzalowe sukulu, sindikudziwa.

Uthengawo sukupita. Pakati pa nyanja netiweki palibe. A Chirwa akuti imabwera tikayandikira mtunda.

Foni ili m'manja kuyambira m'mawa. Mtunda sunaonekebe.