Nthuli Imodzi, Mizere Khumi

Lolemba

Udzu wafika m'mawondo, chimanga chayamba kuchita chikasu. Amayi msana wawagwira, munda wonse uli pamutu panga. Ndekha sindingaupalire, ndiye lero nkhumba yanga yafa kuti ndilipire aganyu. Ndailera kuyambira ili kamwana, koma pronto, zatha basi, chisoni sichilowa m'nkhokwe.

Nzeru yake ndi iyi. Mwezi uno ndiwo ndi nkhwani ndi bowa basi, nyama anthu anailawa komaliza pa Natale, Khirisimasi ija. Oifuna ndi ambiri, wokhala nayo ndine ndekha. Ku shikola, kusukulu kwathu ku Chifunde, m'Chipwitikizi tinkati oferta ndi prokura: chinthu chikasowa, mwini wake ndiye amalamula mtengo. Mtengo wanga: nthuli imodzi, mizere khumi. Pofika Loweruka munda uyera.

Amalume, amene aipha, atenga:
khosi, ati ndi la wopha;
chiwindi, ati n'cholawa;
mwendo wakutsogolo, chifukwa chake sananene.

Lachiwiri

Ndayala nyama pamasamba a nthochi pansi pa mango. Kudikira, kudikira. Epa, ndinaiwala chinthu chimodzi: theka la mudzi uno ndi a Ziyoni! Nkhumba sadya, kungoiona amalavula. Mayi wina akudutsa ndi khasu paphewa: "Mukanapha mbuzi, mwanawe, tikanabwera tonse." Zikomo mayi, ndiiuza nkhumbayo idzuke isanduke mbuzi.

Abwera ochepa. Onse akufuna nyama lero, ntchito mawa. Ati ndi mmene zimakhalira kuyambira kale, munthu sapalira ndi njala. Ndapereka. Mizere yopaliridwa: palibe.

Lachitatu

Alamu anga a Zefa, mkazi wa achimwene, apha mbuzi. Mbuzi! Munda wawo wachita malire ndi wathu, ndiye ndikumva a Ziyoni akuimba uku makasu akugwa. Nthuli imodzi mizere isanu ndi umodzi, thobwa laulere pamwamba. Anamumva mayi uja dzulo, ine ndikudziwa. A Zefa omwewa amene anabwereka kapulana yanga, chitenje chatsopano, n'kuibweza ndi chibowo cha simbi, osapepesa mpaka lero.

Tsopano ndaona pamene ndinaphonya. Chosowa m'mudzi muno si nyama, ndi manja. Aliyense akupalira mlungu womwewu. Ine ndimadziyesa wogulitsa nyama, chonsecho ndine wogula makasu, ndipo ogulafe tachuluka.

Amayi ali chigonere pamphasa: "Tsitsa mtengowo, iwe." Nditsitse chifukwa cha a Zefa? Bola udzuwo undimere pamutu.

Lachinayi

Mvula kuyambira m'mawa. Nyama yayamba kuterera. Jelera yoziziritsira nyama tilibe, ndipo ikanakhalapo magetsi ake ati? Iyenera kuwambidwa, koma nkhuni zanyowa, utsi wokhawokha, maso anga ngati a munthu wa kachasu.

Ine ndine mmodzi. Ndikakhala pamoto, udzu ukukula. Ndikapita kumunda, nyama itsala ndi agalu ndi amalume. Ndayesa kugawa tsiku pakati. Phindu lake:
mizere iwiri yokha;
matuza m'manja monse;
nthiti zapita ndi galu;
amalume "angobwera kudzazonda odwala", atuluka milomo ikunyezimira.

Chabwino, ndatsitsa: mizere isanu ndi itatu. A Zefa amva, atsitsa kufika isanu. Mayi ameneyu ali ndi makutu m'nthaka!

Lachisanu

Fungo! Ntchentche zobiriwira zabwera ndi abale awo onse, izo zokha ndiye sizikunyinyirika ndi mtengo. M'mawa mizere inayi. Masana itatu. Anthu akuima chapatali, akununkhiza, wina n'kunena mokweza kuti ndimve: "Tiyeni tidikire, mawa azingotipatsa." Ndikamatsitsa, iwo ndi pamene akudikira kwambiri. Zimenezi pabolodi sanatijambulire.

Amene anatenga nyama Lachiwiri ndawapeza m'munda mwa a Zefa, akupalira ndi mphamvu ya nkhumba yanga! Ndawafunsa bwinobwino, mwaulemu, manja m'chiuno. Mmodzi ati nyama yanga inamutsegula m'mimba, ndiye wofunika kupepesa ndine. Wina ati: "Tibwera achemwali, tingomaliza kuno." Nkhope zawo ndazisunga. Adzandifuna tsiku lina kuti ndiwawerengere pepala la kuchipatala.

Loweruka

Mbuzi ya a Zefa yatha, munda wawo wayera ngati pabwalo. Ndiye lero m'mawa makasu ali mbwee pakhomo pathu, aliyense akufuna ganyu, ena akuti ngakhale mizere khumi ndi iwiri apalira. Manja achuluka, mtengo wabwerera kwa ine! Koma nyama? Yotsalayo ndaikwirira kuseri kwa khola kutangocha, ndi galu yemwe anaikana. Chapulumuka ndi mutu wowamba basi. Bambo wina wapalira mizere khumi, wanyamula mutuwo, wapita. Enawo abalalika. Ndiye ekilibriyo amene ankatifunsa pamayeso ndi ameneyu: wogula ndi wogulitsa agwirizana, wina akupita akuimba mluzu, wina watsala akutukwana.

Madzulo a Zefa afika, kumwetulira mpaka m'makutu: "Alamu, mukananena tikanathandizana." Ndalowa m'nyumba, ndawasiya ndi amayi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndikanangowonongera anthu mapemphero. Ndazungulira munda. Chigawo chakumunsi, cha kudambo, chapita: chimanga chaonda ngati nsenjere, ndachisiyira udzu. Chakumtunda chikhoza kupulumuka chikapaliridwa mlungu uno. Ndekha sindingathe. Ndaganiza uku ndi uku, sindingathe.

Amayi anapangana kale ndi a Zefa dzulo, ine ndili m'nyumba muja. Mawa a Zefa abwera ndi amayi a mpingo wawo kudzapalira kumtundako. Malipiro ake: nthawi yobandira ikafika, ine ndikagwira m'munda mwawo mpaka uthe. Ine, amene ndinamaliza sekondariya, waganyu wa a Zefa. Nthuli palibe. Ndavomera, nanga mkwiyo wanga ubereka chimanga?

A Zefa atumiza mawu kuti pobandirapo khasu ndidzabwere ndi langa.