Tsiku limene makina a waya anandivula jekete

Za jekete sindidandaula kwenikweni. Chimene chimandiwawabe ndi oda imene tinaluza tsiku lomwelo, ufulu udakali watsopano, mkuwa uli pamtengo wabwino.

Ndinali kalaliki pa kafakitale ka waya ku Ndola. Mkazi wanga anali atamwalira chaka chomwecho, ndiye ndinkakhalitsa kuntchito. Abwana atadwala, anandituma kukalandira mlendo wa ku Kenya wodzaona ngati angamagule kwa ife. Akanagula, anthu a shifiti yachiwiri, omwe anali pafupi kuchotsedwa, akanapulumuka.

M'galimoto ndinamulalikira za chuma cha dziko lathu njira yonse (ndinapita ku koleji, ndipo panthawiyo ndinkafuna aliyense adziwe).

Pageti tinapeza lole, anyamata a chipani akukweza antchito athu.

"Bonse ku eyapoti!" anakuwa mkulu wawo m'Chibemba. Kunkabwera nduna.

"Achimwene, tili ndi mlendo wodzagula katundu," ndinatero.

"Nayenso akwere. Manja ali nawo, akaombe."

"Koma makina..."

"Iwe kakalaliki, ukutsutsa boma?"

Anatenga aliyense, ndi mlonda yemwe, n'kungosiya ine ndi mlendo.

Munthu wanzeru akanapepesa, n'kumuuza mlendoyo abwere mawa. Ine ndinati ndimuonetsa ndekha mmene waya amapangidwira. Ndinadina batani lobiriwira (zimenezo ndinkaziona pawindo la ofesi), makina n'kulira bwinobwino. Kenaka ndinatambasula mkono kuti ndiloze pamene waya amakulungidwa. Chitsulo chinagwira mkono wa jekete. Ndinakoka, nacho chinakoka. Ndinazungulira ngati ndikuvina, ndikukuwa m'zinenero zitatu, mpaka ndinapulumuka, jekete n'kupita kukakulungidwa ndi mkuwa. Anazimitsa makinawo ndi mlendo.

Ndinaima pamenepo ndi shati yosita kolala ndi pachifuwa pokha, kwina konse makwinya. Kusita ankasita ndi malemu.

Mlendoyo sanaseke. Anagwiragwira waya, n'kunena m'Chingerezi, "Waya wanu ndi wabwino. Koma nduna muli nazo zingati?"

Anakagula kwina. Madzulo antchito anabwera atapsa ndi dzuwa, mawu atasasa, n'kundiuza kuti nduna yalangiza anthu onse kulimbikira ntchito kuti tizigulitsa katundu kunja. Kulimbikira ntchito! Pa eyapoti!

Shifiti yachiwiri inathetsedwa. Nduna ina itabwera, mu lole munali malo ambiri. Ndinakwera, ndinaombanso m'manja. Koma kuimba kokha ndinakana.