Ndinabisa Mchere, Nkuupereka M'paketi

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kubisa nkhope m'chitenje. Koma poti kwathu ku Mitundu aliyense anaimva kale, bola ndiinene ndekha.

Apongozi anga aakazi anawapeza ndi BP. Kuchipatala anamwino sanabise: achepetse mchere ndi mafuta, apo ayi tsiku lina adzagwa ndi sitiroko. Poti pakhomopo wofika Folomu 4 ndine, udindo unagwera ine.

Ndinaugwira ndi manja awiri. Mchere ndinautsekera m'sutikesi. Ndiwo zawo ndinkaphika padera, nkhwani wopanda mchere, nyemba zopanda mchere. Iwo ankadya phee, nkuthokoza, koma nkhope ili ngati akumeza mankhwala a malungo. Zinkandimvetsa chisoni.

Tsiku lina mlamu wanga wa golosale ku Nathenje anabwera kudzawazonda, atanyamula mapaketi a tinthu touma ta makona atatu, totchedwa tortilla chips. Ndinawerenga kutsogolo kwa paketi: zopangidwa ndi chimanga. Chithunzi cha chimanga chinaliponso, chokongola ngati cha kudimba.

“Amayi, izi ndiye zanu,” ndinatero. “Ndi chimanga chabe ichi, chomwe timalima tomwe.”

Anatenga kamodzi, nkukukuta. Anatseka maso.

“Make Tadala,” anandiyitana, “Mulungu akudalitseni.”

Ine sindinalawe. Mtengwa angayambe bwanji kudya mphatso ya odwala? Ana anga atatambasula manja ndinawathamangitsa. Zinali za agogo okha.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse theka la paketi. Zitatha, ndinaimbira mlamu foni kuti atumize zina. Apongozi anayambanso kuseka, madzi akumwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma, ine nkumati taonani, ngakhale madzi ayamba kuwakonda! Ndinafika mpaka polangiza amayi anzanga kutchalitchi.

Mwezi utatha tinabwerera kuchipatala. Anamwino anawamanga kachipangizo pamkono, nayang'ana, nabwerezanso.

“Yakwera kuposa ulendo watha. Agogo, mankhwala mukumwa?”

“Ndikumwa, mwanawe.”

“Nanga mchere?”

Ndinalowererapo, modzichepetsa koma mtima ukunyada. “Asisitala, mchere m'mbale mwawo mulibe. Ngakhale zotolatola ndimawasankhira ndekha.” Ndinapisa m'chikwama nkutulutsa paketi ija.

Anamwino aja sanaseke. Ndimawathokozabe mpaka lero. Anangodzuka, nkukankha chitseko kuti a pamzere asamve, kenako anatembenuza paketiyo nkuloza ndi chala timalemba ta kumbuyo.

“Chingerezi mumawerenga eti? Tawerengani apa.”

Ndinawerenga. Chimanga. Mafuta ophikira. Mchere. Mawu anga ankacheperachepera.

“Chimanga chilimo ndithu, ndipo mphamvu chimapereka,” anatero motsitsa mawu. “Koma achikazinga m'mafuta nkuchiwaza mchere. Munthu wabwinobwino atatapa kadzanja mwa apo ndi apo, palibe mlandu. Koma agogowa, tsiku ndi tsiku? Bola chimanga chootcha, nthochi, kapena mtedza wosathira kanthu. Inuyo munalawako?”

“Ayi.”

“Talawani.”

Ndinaika kamodzi palilime. Mayo ine! Mchere wake ngati wa usipa wosatsuka! Zala zinatsala zikunyezimira mafuta.

Ndinatembenukira kwa apongozi. Iwo anali akuyang'anitsitsa kalendala wa pakhoma ngati ali ndi msonkhano waukulu sabata yamawa.

“Amayi, inu simunkaumva mcherewu?”

“Ndinkaumva.”

“Kuyambira liti?”

“Tsiku loyamba lomwe lija.”

“Ndiye osanena? Mukanagwa nazo izi!”

Apa ndinaona bwinobwino zomwe zikanachitika, ndiponso kuti dzanja lowapatsa linali langa. Apongozi anandigwira bondo, nkulisisita pang'ono. Kenako anayang'ana anamwino.

“Asisitala, tandiweruzani ndinu. Wapolisi wakulanda mchere miyezi iwiri. Tsiku lina wapolisi yemweyo akubwera nawo m'paketi, akugwada, akuti idyani amayi, ana musawagawire. Ine ndikanakana ngati ndani?”

Anamwino anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwetsa cholembera, ndipo a pamzere omwe anawatsekera chitseko aja anamva zonse.

Chomwe ukupatsa wodwala, yamba walawa wekha, makamaka ukaona kuti wayamba kukudalitsa kwambiri.