Mchenga Womwe Ndinaba ku Loughborough

Nkhaniyi kutchalitchi sindinainenepo, ndipo mukakumana nane musandifunse. Ine, bambo wa ana awiri, ndinabapo mchenga ku Mangalande kuno.

Anandiputa ndi a Tembo, mnzanga wa ku Chipata yemwe tinkagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Chaka chimenecho, 2018, msana unkandivuta chifukwa chonyamula odwala. A Tembo anati mankhwala ake ndi sumo, masewera ogwetsana a ku Japan aja, poti amaphunzitsa kunyamula ndi miyendo osati msana. (Ine ndinangomva zoti pomaliza pamakhala chakudya, basi ndinavomera.)

Loweruka m'mawa tinakwera sitima ya ku Loughborough, kunja kuli chifunga choti galimoto umayamba kuimva usanaione. Malo ake anali fakitale yakale ya masokosi, mawindo otseka ndi matabwa. Mkati munali zii. Pakati panali bwalo lozungulira la dothi lothira mchenga, ndipo azibambo anayi ojintcha anali atanjuta m'mphepete, ali chibadwire kupatula lamba wansalu wokhala ngati thewera. Palibe anapereka moni. Mphunzitsi, mzungu wokalamba yemwe anakhalitsa ku Japan, anandiyang'ana kumapazi, osati kumaso.

Anandikulunga thewera langa, kenako zinayamba. Mmodzi anawaza mchere m'bwalomo. Onse anayamba kukweza mwendo m'mwamba n'kuponda pansi, di! di! popanda ng'oma, popanda nyimbo. Nditanong'oneza a Tembo kuti zimenezi n'zachiyani, anayankha mosatekeseka kuti kale ankatero pothamangitsa mizimu yoipa ya pansi. Abale, anthu amaliseche, mchere, mizimu. Kwathu ku Ntcheu msonkhano wotere dzina lake timalidziwa.

Kugwetsana sindinena zambiri. Ndinalowa katatu, ndinagwa katatu, pamalo amodzimodzi.

Choopsa chinabwera pomaliza. Anandipatsa tsache, ati mlendo ndiye amasesa. Mphunzitsi anandilozera kuti mchenga wonse ndiukokere pakati. Ndinasesa mapazi anga omwe, thukuta langa, ngakhale pomwe panadinda msana wanga. Iye anagwada, anaumba mchengawo ndi thabwa mpaka unakhala kamulu kosalala, n'kuzikapo kamtengo kokhala ndi timapepala toyera. Onse anawerama.

Umene uja unali mtumbira, ndipo ndinauunjika ndi manja anga. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti munthu akafuna kukupweteka amatapa dothi la pomwe waponda. Awa sanavutike n'kutapa komwe, ndinawasonkhanitsira ndekha.

Anzanga atapita kukasamba, ndinagoneka kamtengo kaja pambali, ndinakokolera mulu wonse m'chikwama changa cha zovala, n'kutulukira khomo lakuseri. Chakudya chija sindinachilawe. A Tembo ndinawatumizira uthenga woti mwana wadwala. (Mulungu andikhululukire, mwanayo anali ku mpira.) Musitima chikwama ndinachifungatira pamiyendo, mchenga ukuchucha pang'onopang'ono pa zipi.

Nditafika kunyumba m'pamene nzeru zinabwera. Ndiutaya kuti? M'bini ayi, sudziwa amene akaupeze. Mumtsinje ayi, ungadzipereke wekha kumadzi. Ndinaubisa m'kashedi kakuseri. Mayi akunyumba ataupeza ndinawafotokozera zonse, kenako anandifunsa funso lomwe linandilanda tulo: kodi m'bwalomo munaponda nokha?

Sindinaponde ndekha. M'shedi mwanga munali mapazi a azibambo asanu osalakwa.

Lolemba a Tembo anandiuza akuseka kuti kufakitale kuja kwachitika zodabwitsa, mulu wasowa, ndipo nkhalamba ija yakhumudwa kwambiri poti kamuluko ndi ulemu chabe wothokoza bwalo. Anawonjeza kuti ife Amalawi tikanati ndi ufiti, chifukwa timaopa ndi chithunzithunzi chathu chomwe. Ndinaseka nawo.

Lachinayi a Tembo anaterereka pa masitepe a kuntchito n'kuthyoka bondo lakumanzere.

Ndikudziwa, masitepewo anali atangokolopedwa. Chikwangwani chachikasu chochenjeza chinalipo, ndinachiika ndine. Komabe masiku atatu chakudya sichinkatsika. Ndikadutsa pa shedi ndinkayenda chammbali. Mapeto ake ndinagula nthochi n'kupita kukawaona ku Spinney Hill komwe ankakhala, ndinawapeza mwendo uli m'pulasitala pampando, ndipo ndinaulula zonse.

Anaseka mpaka misozi. Anaitana akazi awo kuti adzamve okha za munthu wophunzira, wa satifiketi ya zaumoyo, wakuba mchenga. Nanenso ndinayamba kupepukidwa mumtima. Kenako kuseka kuja kunazilala. Anayang'ana pulasitala, anayang'ana ine.

“Achimwene, mwati phazi langa lilimo?”

“Lilimo.”

“Lakumanzere?”

“Onse awiri, a Tembo.”

Anakokera mwendo wabwino uja pafupi.

“Ine zinthu izi sindikhulupirira,” anatero motsitsa mawu. “Koma mukabweze lero. Ndipo m'njira musagwetse chikwama.”

Ndinabweza madzulo omwewo, ndipo nkhalamba ija inangondipatsanso tsache. Musandifunse ngati ndinaphunzirapo kanthu. Chomwe chimandisowetsa mtendere mpaka pano ndi mchenga uja unatayikira musitima, poti sindidziwa kuti unali wa phazi la ndani.