Muvi wa Oyilo ndi Ukwati wa Mlamu

Lolemba

Zoti zidziwike Loweruka lisanafike:
1. Kodi geji ya oyilo ikunena zoona?
2. Ngati ikunama, wabodza ndani: sensa ya pa injini yomwe imauza geji, waya, kapena geji yeniyeniyo?
3. Ngati sikunama, apongozi ndiwauza bwanji kuti galimoto ya mkwatibwi palibe?
4. Amake Tadala, mayi a kunyumba, asamve kanthu mpaka 1 ndi 2 zitayankhidwa.

Loweruka mlamu wanga Esinati akukwatiwa ku Nsaru. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati, popanda wondifunsa, ndinanena kuti mkwatibwi akwera yanga. Yofiira, ya mjaho, zitseko ziwiri, yomwe ndinagula kwa mkulu wina wopuma ntchito pa esiteti ya fodya. Ndi yaikulu msinkhu kuposa mkwatibwiyo.

Lero ndikuchokera kuntchito, muvi wa geji uli pa 40. Ndikuima pa msika wa Namitete, wagwa pa ziro! Ndikuponda mafuta, wadzuka. Ku koleji tinaphunzira pa mathirakitala: oyilo akasiya kuzungulira, injini imafa usanamalize Atate Wathu.

Ndagula kope la masamu.

Lachiwiri

6:40, injini yozizira: 55.
7:05, pa tala: 40.
7:20, pa bampu: 0.
7:21: 40, ngati sipanachitike kanthu.

Oyilo ndayeza katatu, ali pa mzere. Pansi ndayala katoni, palibe dontho. Ndikuika sikuludiraiva pa injini, chogwirira kukhutu. Sikugogoda. Kapena ikugogoda? Ungakhalenso mtima wanga.

A Bwanali, makaniko wa pansi pa mango: "Ndi sensa iyi, bwana. Zinthu zimenezi zimakalamba ngati eni ake." Ndikufunsa geji ya paipi, yomwe imayeza oyilo weniweniyo popanda waya. Akuti anabwereka munthu wa ku Kasiya, "ikubwera." Liti? "Ikubwera, bwana."

Lachitatu

Sensa yatsopano yafika pa minibasi kuchokera mu tauni. Tamanga. Injini ili chete, muvi uli kumapeto kwenikweni. Injini ikulira, muvi uli pa ziro. Chagada!

Ndikuwerenga pa katoni kake: ndi ya kanyale kochenjeza, si ya geji. A Bwanali sakuona vuto: "Ingozolowerani, bwana. Ziro ndiye kuti zili bwino." Ine ndiyendetse mkwatibwi ndikusangalalira ziro?

Tabwezerapo yakale. Kuti isadonthe, aikulunga ndi katepi koyera kamene amamangira mapaipi a madzi.

Lachinayi

Muvi sukugwedezeka n'komwe. Wafa. Ndapita kuntchito pa kabaza.

Masana ndakumbukira: sensa imeneyi imadutsitsa magetsi kudzera m'mazinga ake pomwe yakhudzana ndi injini. Katepi katseka njira! Nditaweruka ndakachotsa, ndapala waya ndi sandipepa. Muvi wayambanso gule wake wa Lolemba. Masiku anayi, ndafika pomwe ndinayambira, ndipo ndikuthokoza.

Amake Tadala apeza kope. "Kodi manambala awa ndi a bipi?" Ndavomera. "Ziro, eti?" Ndati makina a kuchipatala amatero. Ndiwo za lero zilibe mchere.

Lachisanu

Kope likuonetsa chinthu chimodzi chomveka: ndikathamanga, muvi umakhazikika. Ndikayenda pang'onopang'ono injini itatentha, umagwa. Dongosolo la mawa: kuchoka pa tchalitchi, liwiro, mphindi zinayi tafika.

Uthenga wa apongozi, kudzera kwa amake Tadala monga mwa mwambo: "Asathamange. Azimayi avina kutsogolo mpaka kunyumba, anthu amuone mwana wanga." Makilomita awiri. Pa liwiro la chitenje. Dzuwa la Okutobala.

Okongoletsa abwera. Mabaluni khumi ndi awiri. Riboni aizunguliza pa boneti n'kumanga mfundo pansi, moti kutsegula sikutheka. Pa dashibodi ayala lesi ndi mapini, geji yaphimbika. "Mawotchiwa akunyasitsa, achimwene." Atachoka ndaboola lesi ndi lumo, kabowo kokwana diso limodzi.

Loweruka

11:10, pa tchalitchi: 35. Esinati walowa, diresi yadzaza galimoto yonse, giya ndikuifufuza m'nsalu.
11:25: 20. Nthungululu, ng'oma, mahutala.
11:40: 12. Tayenda mwina mabwalo atatu a mpira.
11:52: 0.

Ndikudikira udzuke. Sukudzuka. Ndikuponda mafuta kuti ndiudzutse, injini yabangula, azimayi abalalika, wina wagwera m'ngalande ndi mbale ya ufa womwe amawaza. Apongozi atembenuka kundiyang'ana. Chikwatirireni mwana wawo sanandiyang'anepo m'maso. Lero andiyang'ana.

Muvi ukadali pa ziro. Injini kapena ulemu? Ndazimitsa.

Esinati: "Alamu, mwatani?" Ndikumufotokozera za pampu ya oyilo. Akulira, zopaka zikutsika.

Operekeza mkwati akukankha atavala masuti. Poyamba anthu akuyesa ndi sitayilo, akuombera m'manja. Kenako chitunda cha pa mjigo. Galimoto yabwerera chambuyo. Mkwatibwi wamalizira ulendo atakhala kutsogolo m'lole ya fodya, nsalu yakumutu ikulendewera pawindo.

Pa pelekanipelekani palibe wandiitana. Apongozi akuuza amake Tadala, ine ndili pomwepo: "Muwauze abambo a Tadala kuti zikomo, tayenda ndithu."

Lole yomweyo yandikokera kunyumba. Mabaluni atsala atatu.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Nkhani imayenda msanga kuposa galimoto yanga.

Ndikuchotsa lesi, pini yagwera kuseri kwa dashibodi. Ndikupisa dzanja, ndakhudza waya wa kumbuyo kwa geji, wathothoka. Kanati komangira wayayo kanali kolendewera pa zinga lomaliza. Injini ikamalira pang'onopang'ono imanjenjemera, waya n'kumasiya. Ndamanga ndi pulayasi. Mphindi ziwiri.

Ndaisiya ikulira pabwalo ola lathunthu padzuwa: 25, 25, 25. Injini ilibe vuto. Inalibe vuto. Ndalemba m'kope, ndatseka.

Amake Tadala anatsala ku Nsaru, akuti kuthandiza kutsuka mbale. Mbalezo zinali za hayala, zinabwerera dzulo. Ndawalembera kuti galimoto yachira, ndingathe kudzawatenga, ndipo ndipepesa kwa apongozi ndi kwa Esinati m'njira iliyonse yomwe anganene. Foni ikuonetsa kuti awerenga.

Amake Tadala, chonde yankhani msanga, dzuwa lisanapendeke. Magetsi akutsogolo sindinawayeze.